Kodi dzina la Dorika ndi la a Seventh Day okha?

FUNSO: Zakhali, Mulungu watipatsa mphatso ya mwana wamkazi ndipo tangotuluka kumene m'chikuta. Apongozi anga akufuna timutche Dorika, dzina la malemu mayi awo. Bambo a kunyumba akukana. Akuti ndi dzina lachikale, komanso ndi la a Seventh Day pomwe ife ndife a CCAP. Kodi dzinali linachokera kuti, nanga limatanthauza chiyani? — Mayi wa ku Ntcheu

YANKHO: Mwana wanga, tithokoze Mulungu kuti mwachira bwino. Bambowo muwapatse Baibulo atsegule Machitidwe 9, kuyambira ndime 36 mpaka 42. Dorika ali pamenepo, mipingo yathuyi isanabadwe.

Mayiyu ankakhala ku Yopa, mzinda wa m'mbali mwa nyanja womwe lero umatchedwa Jaffa ndipo uli mbali ya Tel Aviv. Anali ndi mayina awiri: Tabita m'Chiaramu, chinenero chimene Yesu ankayankhula, ndi Dorika m'Chigiriki. Onsewa amatanthauza kanyama kokongola ka mtundu wa mbawala, kamaso owala, kothamanga mopepuka. Ayuda akafuna kuyamikira kukongola kwa mkazi ankamufanizira ndi nyama imeneyi.

Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi maliro ake. Atadwala n'kumwalira, anamusambitsa n'kumugoneka m'chipinda chapamwamba, ndipo anatuma amuna awiri ku Lida kukaitana Petro. Petro atafika, amayi amasiye anamuzungulira akulira, uku akumuonetsa malaya ndi zovala zimene Dorika anasoka ali moyo. Taganizani, pa maliro anthu n'kumatambasula zovala! Petro anawatulutsa onse, anagwada n'kupemphera, kenako anati, "Tabita, uka." Mayi uja anatsegula maso n'kukhala tsonga. M'Chipangano Chatsopano chonse, ndi iye yekha amene anatchulidwa ndi mawu a Chigiriki otanthauza wophunzira wamkazi.

Za a Seventh Day, bambowo sanalakwitse kwenikweni. Bungwe la amayi a Dorika mumpingo umenewu linayamba mu 1874 ku Battle Creek, m'dziko la America, ndipo mpingowo unakhazikika ku Malamulo, ku Thyolo, mu 1902. Tazolowera kuona amayi a Dorika atavala yunifolomu, akuyendera odwala ndi kuimba pa maliro, n'chifukwa chake dzinali likatchulidwa maganizo amathamangira kumeneko. Komatu iwo anangolibwereka m'Baibulo lomwelo limene amayi a Chigwirizano ndi a Mvano amanyamula Lachinayi.

Zoti ndi lachikale, inde ndi lachikale, ndipo ine ndimalikondera chomwecho. Kumudzi kwathu kunali gogo wina dzina lake lomweli, anali ndi makina osokera opukusa ndi dzanja. Diresi yanga yoyamba ya kusukulu anasoka ndi iyeyo, ndipo mayi anga atamutengera nkhuku, anaibweza. Mpaka lero ndikamva fungo la mafuta a makina ndimakumbukira zala zake zikuwongola nsalu.

Langizo langa ndi lakuti musawakhumudwitse apongozi anu. Munthu akapempha kuti dzina la mayi ake lidzuke, wapempha chinthu cha mumtima. Ngati bambowo akuumirirabe, lembetsani Tabita pa chiphaso cha kubadwa, agogo azimuitana Dorika, pakuti ndi dzina limodzi. Ndipo tsiku lina mukakhala pa mkeka mukuyamwitsa, muwafunse apongoziwo kuti malemu Dorika uja anali munthu wotani, kuti mwanayu akadzakula mudzakhale ndi chomuuza.