Kodi kumayiko a Chisilamu ngongole ilibe chiwongoladzanja? Yankho kwa mayi wooda katundu ku Dubai

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amaoda nsalu ndi nsapato ku Dubai. Dzina ndalisunga monga anapempha. Mwachidule akuti: "Mlamu wanga amagwira ntchito ku Saudi Arabia, ndipo amati kumayiko a Chisilamu banki silipiritsa chiwongoladzanja chifukwa chipembedzo chinaletsa. Koma mwini shopu amene ndimaodako ku Deira, dera la misika mu Dubai momwemo, amangodandaula za chiwongoladzanja cha ngongole yake ya kubanki. Akunama ndani? Nanga kumeneko amalamula ndani, boma kapena mashehe? Ndikufuna ndiyambe kutenga katundu pangongole, tsono ndidziwiretu lamulo limene lingandigwire zinthu zikavuta."

Mayi, palibe amene akukunamizani. Aliyense akunena zimene waona kumene ali. Chisilamu chinaletsadi chiwongoladzanja, koma mawu a m'Buku sadzifikira okha pakauntala ya banki. Amadutsa m'manja mwa mfumu, aphungu, oweruza ndi banki yaikulu ya dzikolo, ndipo manja amenewa ndi osiyana dziko ndi dziko.

Tiyambe ndi zimene chipembedzo chimanena. Mu Qur'an, Sura yachiwiri ya Al-Baqarah, ndime 275, muli mawu akuti Mulungu analoleza malonda koma analetsa riba. Riba imene Aluya ankachita Chisilamu chisanabwere inali yotere: tsiku lobweza likakwana, mwini ndalama ankafunsa wokongolayo kuti abweza lero kapena awonjezerepo. Akalephera, ngongole inkakwera, kenako n'kukweranso, mpaka munthu kutaya zonse. Ndi katapila yemweyu amene amalanditsa anthu njinga ndi malata kwathu kuno. Pa zimenezi Asilamu sakangana. Amasiyana pa funso lakuti kaya chiwongoladzanja cha banki ya masiku ano ndi riba yomweyo. Mashehe ambiri amati inde. Koma mu 1989 Sheikh Muhammad Sayyid Tantawi, ali mufti, mkulu wopereka zigamulo za chipembedzo, wa dziko la Egypt, anagamula kuti phindu lokhazikika limene boma linkapereka kwa anthu osunga ndalama m'ziphaso zake ndi lololedwa, ndipo anzake ambiri anamutsutsa koopsa.

Ku Egypt komweko kunachitika mlandu umene ukuyankha funso lanu lachiwiri bwino kwambiri. Malamulo a ngongole ndi mapangano a dzikolo, amene analemba katswiri Abd al-Razzaq al-Sanhuri ndipo anayamba kugwira ntchito mu 1949, ali ndi gawo 226 lonena kuti wochedwa kubweza ngongole aonjezere 4 pa 100 iliyonse pachaka, ndipo ikakhala ya malonda, 5. Mu 1980, nthawi ya Pulezidenti Anwar Sadat, anasintha malamulo oyendetsera dziko n'kulembamo kuti mfundo za Sharia, malamulo a Chisilamu, ndizo gwero lalikulu la malamulo onse. Tsono yunivesite ya Al-Azhar, sukulu ya Chisilamu yolemekezeka pa dziko lonse, inali ndi ngongole kwa wamalonda wina amene anaigulitsa zipangizo za opaleshoni zophunzitsira madokotala. Khoti linalamula kuti ilipire pamodzi ndi chiwongoladzanja chija. Mkulu wa yunivesite anakana, amvekere imeneyo ndi riba, ndipo malamulo oyendetsera dziko ali kumbali yake. Mu 1985 khoti lalikulu loona za malamulowo linagamula kuti kusintha kwa mu 1980 kukukhudza malamulo opangidwa kuyambira chaka chimenecho, koma akale akhalabe mpaka aphungu atawasintha. Taganizani, mayi: amene anagonja pamlanduwu ndi Al-Azhar yeniyeniyo, ndipo anaigonjetsa ndi oweruza a boma.

Kumene kuli alamu anu chipembedzo chili ndi mphamvu kuposa pamenepo. Lamulo lalikulu la Saudi Arabia la mu 1992 limanena m'gawo loyamba kuti Qur'an ndi Sunnah, zonena ndi zochita za Mtumiki Muhammad, ndiwo malamulo oyendetsera dziko. Oweruza awo ndi anthu ophunzira Sharia, ndipo akhala akukana kulamula munthu kuti alipire chiwongoladzanja. Komatu dziko la mafuta silingayende popanda mabanki. Ndiye mu 1987 boma linakhazikitsa komiti yapadera yoweruza mikangano ya mabanki ndi makasitomala awo, kunja kwa makhoti aja, ndipo m'mapepala chiwongoladzanja amachitchula kuti "special commission". Pambali pa mabanki oterewa palinso mabanki oyendera Sharia yokhayokha, monga Al Rajhi, yomwe ndi yaikulu zedi ndipo anthu wamba ambiri amasungako ndalama. Ngati alamu anu amapita kubanki yotero, ndiye kuti mawu oti chiwongoladzanja sanawaonepodi papepala lililonse.

Pa msonkho napo chipembedzo chimaonekera. Kampani ya mbadwa za ku Saudi imalipira zakaat ya 2.5 pa 100 iliyonse ku bungwe la boma lotolera misonkho, pamene gawo la mlendo limadulidwa msonkho wa 20 pa 100 iliyonse ya phindu. Koma aliyense wogula m'shopu amalipira VAT ya 15 pa 100 kuyambira mu 2020, msonkho umene mulibe m'mabuku a mashehe akale. Kwa zaka zambiri mashopu ankatseka nthawi iliyonse ya Swala, apolisi a chipembedzo akuyendera m'misika. Mu 2016 apolisiwa anawalanda mphamvu zomanga anthu, ndipo pofika 2021 mashopu analoledwa kukhala otsegula. Qur'an sinasinthe m'zaka zimenezi. Anasintha maganizo ndi a kunyumba yachifumu.

Zotembenuka zinachitika ku Turkey. Dzikoli linathetsa udindo wa Khalifa, mtsogoleri wamkulu wa Asilamu, mu 1924, linatengera malamulo a mabanja ndi mapangano ku Switzerland mu 1926, ndipo malamulo ake amati boma lilibe chipembedzo. Koma kumapeto kwa 2021 Pulezidenti Recep Tayyip Erdogan ananena poyera kuti iye ngati Msilamu apitiriza kutsitsa chiwongoladzanja chifukwa malemba amatero. Banki yaikulu inachitsitsa kuchoka pa 19 kufika pa 8.5, ndipo mu Okutobala 2022 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 85 pa 100 iliyonse pachaka. Atadutsa masankho a 2023 anabweza chiwongolero, moti pofika Malichi 2024 chiwongoladzanja chinali pa 50. Ine nkhaniyi imandiwawa, chifukwa amene anapsa nayo ndi osauka omwewo amene lamulo loletsa riba linabwera kudzawateteza: malipiro awo anasungunuka m'thumba, pamene okhala ndi nyumba ndi madola anapindula.

Nanga banki ya Chisilamu imadya chiyani ngati sikongoza pachiwongoladzanja? Tiyerekeze kuti wamalonda wa ku Deira akufuna galimoto yonyamulira katundu ya ma dirham 100,000. Akapita ku Dubai Islamic Bank, yomwe inatsegulidwa mu 1975, sampatsa ndalama m'manja. Banki imagula galimotoyo kwa wogulitsa, imakhala yake, kenako imamugulitsa iyeyo pa mtengo wa 120,000, woti alipire pang'onopang'ono kwa zaka zinayi. Pangano limeneli amalitcha murabaha. Palinso ijara, pamene banki imagula chinthu n'kukubwereketsa pa lendi mpaka chidzakhale chako, ndi musharaka, pamene banki ndi wamalonda amasonkha mpamba, phindu n'kugawana, zikalowa pansi onse n'kuluza.

Mwina mukuti 20,000 yapamwambayo ndi chiwongoladzanja chovala mkanjo. Simuli nokha, Asilamu ambiri ophunzira amadandaula zomwezo, ndipo n'zoona kuti mabankiwa powerengera phindu lawo amayang'ana chiwongoladzanja cha pamsika, moti mtengo wake sutalikirana ndi wa banki wamba. Koma kusiyana kulipo, ndipo kumaoneka tsiku limene zinthu zavuta. Mtengo wa 120,000 ukalembedwa walembedwa. Munthu akachedwa kulipira, ngongole siberekana. Chindapusa chochedwera chimakhalapo, koma kwakukulu banki siloledwa kuchidya ngati phindu, imachipereka ku ntchito zachifundo. Kwa munthu amene anaonapo ngongole ikukula iye akugona, chimenechi si chinthu chochepa.

Chimene sindigwirizana nacho ndi njira ina yotchedwa tawarruq. Munthu akufuna ndalama zenizeni, ndiye banki imamugulitsa pangongole zitsulo kapena mafuta a kanjedza amene sadzawaona n'komwe, nthawi yomweyo n'kumugulitsira katunduyo kwa wina pa mtengo wotsika, iye n'kulandira ndalamazo. Zonsezi zimatha pakompyuta m'mphindi zochepa. Mu 2009 bungwe la akatswiri a Sharia la mayiko a Chisilamu, International Islamic Fiqh Academy, linati tawarruq yokonzeratu chotere ndi yoletsedwa. Koma ku Malaysia ndi yololedwa, ndipo chaka chomwecho anatsegula msika wake wapadera, Bursa Suq Al-Sila'. Amene amagamula kumeneko ndi komiti ya Sharia yomwe ili pansi pa banki yaikulu ya boma, ndipo lamulo la mu 2009 limati makhoti azitsatira chigamulo cha komitiyo. Pamene njira yotereyi yachuluka, musharaka, yomwe ndiyo mtima wa chiphunzitsochi, imagwiritsidwa ntchito pang'ono chabe, chifukwa mabanki safuna kuluza limodzi ndi kasitomala.

Alipo mayiko amene anafuna kuchotseratu chiwongoladzanja ndi lamulo. Iran inatero mu 1983. Ku Pakistan khoti la Sharia linagamula mu 1991, nkhani inakokedwa m'makhoti zaka makumi atatu, linagamulanso mu 2022, ndipo tsopano malamulo oyendetsera dziko akuti riba ikhale itatha pofika 1 Januwale 2028. Koma ku Indonesia, limodzi mwa mayiko okhala ndi Asilamu ochuluka kwambiri, mabanki ambiri ndi wamba, kupatula chigawo cha Aceh kumene onse anakakamizidwa kuyendera Sharia.

Kumene chipembedzo chinagwira zolimba m'mayiko ambiriwa ndi m'banja: ukwati, chisudzulo, kulera ana ndi kugawa chuma cha masiye. Ku Malaysia makhoti a Sharia amaweruza Asilamu okha, kwakukulu pa nkhani zimenezi, pamene milandu ya malonda imapita kumakhoti wamba amene anatengera kwa Angerezi. Musati izi sizikukukhudzani. Mwini shopu wanu akamwalira muli ndi ndalama zanu kwa iye, chuma chake chidzagawidwa motsata malamulo a masiye, ndipo Sharia imati ngongole zibwezedwe kaye ana ndi mkazi asanagawane kanthu. Koma mudzafunika umboni woti anali nanu ngongole.

Tsopano za ku Dubai kwenikweniko. Malamulo oyendetsera United Arab Emirates, dziko limene muli Dubai, amati Chisilamu ndicho chipembedzo cha boma ndipo Sharia ndi gwero lalikulu la malamulo. Komabe lamulo lawo la malonda limalola chiwongoladzanja pa ngongole za bizinesi, ndipo mabanki wamba ndi a Chisilamu ali mumsewu umodzi. N'chifukwa chake mwini shopu wanu akulira. Koma munthu wamba kukongoza mnzake ndalama pachiwongoladzanja ndi mlandu womangitsa, choncho wina akakuuzani kuti akubwerekeni ndalama za katapila kuti muonjezere katundu, thawani. Kuyambira Januwale 2022 maofesi a boma amagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu masana, pofuna kufanana ndi misika ya kunja, pamene Sharjah, yoyandikana ndi Dubai, imapuma Lachisanu lonse mpaka Lamulungu ndipo mowa ndi woletsedwa. Masana a Lachisanu mashopu ambiri a ku Deira amatseka kuti anthu akaswali Jumu'a, ndipo mwezi wa Ramadhan maola a ntchito amafupika, malonda n'kumatentha usiku. Konzani ulendo wanu mukudziwa zimenezi.

Mukakangana ndi wogulitsayo, simudzapita kwa shehe. Mudzapita kukhoti la boma la Dubai, kumene zonse zimayenda m'Chiarabu. Aliponso makhoti a Dubai International Financial Centre, oweruza m'Chingerezi motsata njira za ku England, ndipo anthu angathe kugwirizana polemba kuti mkangano wawo udzapite kumeneko. Dziwaninso kuti wokongoza angapemphe khoti kuti wangongole aletsedwe kutuluka m'dziko, ndipo ambiri amazidziwira pabwalo la ndege atanyamula kale zikwama.

Ndime yaitali kuposa zonse mu Qur'an, 282 ya Sura ya Al-Baqarah yomwe ija, imakamba za ngongole: ilembedwe, yaing'ono kapena yaikulu, ndi tsiku lobweza, pamaso pa mboni. Mwini shopu wanu ngati ali Msilamu amaidziwa, ndipo sangakuoneni ngati simukumukhulupirira mukapempha pepala. Papepalapo pakhale mtengo wonse mu ma dirham, osati mu kwacha, kuchuluka ndi mtundu wa katundu, masiku olipira, chimene chidzachitike mukachedwa kapena katundu akafika woonongeka, ndi khoti limene lidzaweruze. Pakhale dzina la kampani monga lilili pa laisensi yake, osati la mnyamata wa pakauntala. Likalembedwa m'zilankhulo ziwiri, pezani womasulira wovomerezeka akuwerengereni mbali ya Chiarabu musanasaine, chifukwa khoti la Dubai lidzawerenga mbali imeneyo.