Musakhulupirire chithunzi cha puloteni musanachitsegule nokha

Achemwali a ku Mufakose, kalata yanu ndailandira. Mwati mukuchita digiri yachiwiri, mukufufuza kaumbidwe ka mapuloteni, ndipo aphunzitsi oyang'anira kafukufuku wanu akubwezerani mutu wachiwiri atalemba m'mbali kuti mwangobwereza zonena za ena osaziunika. Mwatinso bambo akudandaula kuti kuphunzira zimenezi kuno kopanda makina n'kutaya nthawi.

Aphunzitsi anuwo akunena zoona, musawasungire kumtima. Chimene chimatinyenga m'gawo limeneli ndi zithunzi. Puloteni ikajambulidwa ndi mitundu yowala, yopotana bwinobwino, mtima umangovomera. Komatu chija si puloteni yeniyeni ayi. Ndi mmene ofufuzawo anamasulirira mapu a mbuu ochokera m'makina, ndipo womasulira amaphonya.

Ndiye pepala la kafukufuku mukalitenga, thamangirani ku tebulo la manambala lija ambiri amalidumpha. Onani resolution, nambala yosonyeza kuwala kwa mapu: ikakhala yochepa, mapu amaoneka bwino. Pa ma angstrom 2 (muyeso wa utali wa tinthu tating'ono ngati maatomu), nthambi za ma amino acid, tizigawo topanga puloteni, zimaoneka bwino, ndi madzi omwe. Ikafika 3.5 kapena 4, chooneka ndi msana wa puloteni, nthambi zambiri n'zongoganizira. Tsono wina akalimba mtima kunena kuti mankhwala agwira pa amino acid yakutiyakuti pamene resolution yake ndi 4, imani kaye. Ngati anagwiritsa ntchito X-ray crystallography, njira younika puloteni ndi ma X-ray, onaninso R-free, muyeso umene Axel Brünger anabweretsa mu 1992. Amapatula kagawo ka deta, osakakhudza pomanga, kuti adzayesere nako ngati chomangidwacho chikugwirizana ndi zimene makina anaona. R-free ikatalikirana kwambiri ndi R-work, muyeso womwewo pa deta imene anamangira, dziwani kuti achita kukakamiza. Pa cryo-EM, njira yojambula puloteni yozizitsidwa kwambiri ndi maikulosikopu ya ma elekitironi, nambala imodzi yokha ya resolution isakukhutitseni. Pakati pa puloteni pamatha kuoneka mbee, pamene m'mphepete, pomwe pagona nkhani yawo yonse, pali chifunga chokhachokha.

Dzina la magazini lisakuopseni. Mu 2006 gulu lina la ku Scripps Research Institute ku California linachotsa mapepala ake asanu, atatu mwa iwo a m'magazini yotchuka ya Science. Pulogalamu yawo yodzipangira inasinthanitsa mizere iwiri ya manambala, mapuloteni n'kutuluka olakwika. Pepala loyamba linatuluka mu 2001, ndiye werengani zaka zimene anthu ankalidalira. Zimandiwawa ndikaganiza za ophunzira amene zotsatira zawo zinkakana kugwirizana nalo, iwo n'kumadzikayikira okha.

Bambo muwauze kuti nkhawa yawo ndaimva. N'zoona, mu Africa monse mulibe synchrotron, chimakina chotulutsa ma X-ray amphamvu ounikira mapuloteni. Koma Protein Data Bank, nkhokwe ya pa intaneti ya kaumbidwe ka mapuloteni, imene inayamba mu 1971 ndi mapuloteni 7, lero ili ndi zoposa 200,000, zonse zaulere. Pepala lililonse limapereka nambala ya zilembo zinayi ya puloteni yake m'nkhokwemo. Itengeni, tsitsani mapu ake pamodzi ndi lipoti lounika, mutsegule mu pulogalamu ya Coot kapena ChimeraX pa laputopu yanu yomweyo magetsi akabwera. Za AlphaFold, pulogalamu yolosera kaumbidwe ka mapuloteni, muzichitenso chimodzimodzi: pamene pLDDT, muyeso wa kutsimikiza kwake, yatsika pansi pa 50, pulogalamuyo ikukuuzani yokha kuti sikudziwa.

Sabata ino sankhani mapepala atatu okha, amene kafukufuku wanu watsamirapo kwambiri. Pa lililonse pitani pamalo penipeni pamene akuti mankhwala akugwira, muone ngati mapu akuonetsadi kanthu, mulembe ndime imodzi ya zimene mwaona ndi maso anu. Ndime zitatuzo munditumizire musanazipereke kwa aphunzitsi.