Achemwali, musadikire tsiku lomaliza musanadziwe chimene chimatsika mtengo

Achemwali, ndaliona funso lanu. Mwati abwana akupatsani tchuthi mosayembekezera, kwatsala masiku 10 kuti chiyambe, mukufuna kukapumako kunja ndi bambo akunyumba ndi ana awiri, koma m'thumba muli mopepuka. Mwafunsanso ngati ndi zoona zimene ena alemba pansipa, zoti mungokhala phee mpaka tsiku lomaliza, mitengo igwa yokha. Mundipirire, nditalikitsako pang'ono, chifukwa maulendo othamangira chonchi ndayendapo angapo. Ena anandikomera, ena ndinabwerako ndikudziluma chala.

Amene akuti mudikirewo akunena zoona theka. Pali zinthu zimene zimatsikadi mtengo tsiku likamayandikira, ndipo pali zina zimene zimakwera moti mutha kugwira pakamwa. Tikiti ya ndege zoyenda tsiku ndi tsiku ili m'gulu lokweralo. Mipando ya mu ndege imodzi sigulitsidwa mtengo umodzi, amaigawa m'magulumagulu, ndipo yotchipa ndi imene imayamba kutha. Komanso taganizirani, ndani amagula tikiti lero kuti anyamuke mawa? Ndi munthu wa ntchito amene kampani yake ikumulipirira, kapena wothamangira matenda kapena maliro. Ameneyo sangachitire mwina, alipira basi, ndipo eni ndege amazidziwa bwino zimenezi. Ndiye ngati mukudikira kuti tikiti ya ndege yokhayokha itsike mawa lake mukunyamuka, mudzangoonerera ikukwera.

Chipinda cha hotelo ndi nkhani ina. Chikagona chopanda munthu usiku uno, ndalama ya usiku umenewo yapita, sibweranso. Si katundu woti ungamusunge n'kudzagulitsa mwezi wamawa. N'chifukwa chake mwini hotelo amalolera kulandira zochepa kusiyana n'kuti bedi ligone lokha. Chimodzimodzinso makampani amene amagulitsa ulendo wonse pamodzi, ndege, hotelo ndi galimoto yokakutengani pabwalo. Iwowa amagula mipando ndi zipinda kudakali miyezi yambiri, ndipo kukatsala milungu iwiri kapena itatu malo ena asanagulidwe, amayamba kugwetsa mtengo kuti apulumutseko kangachepe. Kampani ya lastminute.com inayamba ku London mu 1998 pa ganizo lomweli, logulitsa zotsala zimene zikanangoonongeka. HotelTonight, kampani yosungitsira zipinda za hotelo pa foni imene inagulidwa ndi kampani ya malo ogona ya Airbnb mu 2019, nayonso inatchuka ndi zipinda za usiku womwewo. Apa ndi pamene pali phindu la mochedwa. Koma pa Khrisimasi, pa Pasaka, ndiponso sukulu zikatsekera, iwalani. Nthawi imeneyo palibe chotsala, aliyense akulimbirana malo omwewo.

Tsono chimene ndinaphunzira ine n'chakuti wosaka zotchipa mochedwa sasankha kopita, amasankhidwa ndi mtengo. Mukanena kuti ine ndikufuna mzinda wakutiwakuti, hotelo yakuti, kunyamuka Lachisanu madzulo n'kubwerera Lamlungu, mwadzimanga nokha manja. Tsegulani tsamba la pa intaneti losakira matikiti a ndege la Skyscanner, pamene pafunsidwa kopita musankhe Everywhere (kulikonse), kapena pa Google Flights mupite pa Explore, mulembe bwalo lonyamukira ndi masiku anu okha. Zikubweretserani malo ambirimbiri ndi mitengo yake, inu n'kumaona kumene thumba lanu lingafike. Kenako musunthe masiku, limodzi kutsogolo, limodzi kumbuyo. Kawirikawiri kunyamuka pakati pa mlungu, kapena ndi ndege ya mbandakucha imene anthu amaikana chifukwa cha tulo, kumatsitsako mtengo. Walira mvula walira matope, ana mudzawadzutsa usiku akulira, koma ndalama yatsala.

Kanthu kena kamene ambiri sakadziwa, poti inu mulipo anayi. Mukasaka mipando 4 nthawi imodzi, pomwe yotchipa yatsala iwiri yokha, makinawo nthawi zambiri amakuikirani yonse inayi pa mtengo wa gulu lotsatira, lodulirapo. Yambani mwasaka mpando umodzi muone mtengo wake, kenako iwiri, kenako inayi. Mukaona kuti pali kusiyana kwakukulu, mutha kugula kawiri, inu ndi mwana mmodzi, bambo ndi mwana winayo, mu ndege yomweyo. Mungochita changu kuti mipando isathe muli pakati.

Koma ndathamanga. Musanatsegule n'komwe masamba amenewa, pitani kaye mukatulutse mapasipoti onse anayi muwayale patebulo. Ndikunenetsa pamenepa chifukwa ndi pamene maulendo ambiri a mwadzidzidzi amafera. Mayiko ambiri amafuna kuti pasipoti ikhale itatsala ndi miyezi 6 isanathe. Mayiko a Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya olowa ndi viza imodzi, amafuna miyezi 3 kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke, komanso kuti pasipotiyo ikhale yoperekedwa m'zaka 10 zapitazi. Viza yawo, kwa amene amafunika viza, imatenga masiku 15 zinthu zikayenda bwino, ndipo ikhoza kufika masiku 45, osawerengera nthawi yodikira kuti akupatseni tsiku lokapereka mapepala. Ndi masiku 10 anuwa, kulikonse kofuna viza yotere kufufuteni pa mndandanda, ngakhale mtengo wake ukome bwanji. Yang'anani kumene pasipoti yanu imalowa popanda viza, kapena kumene amaperekera pabwalo pomwe, kapena kumene mumafunsira pa intaneti n'kutuluka m'masiku ochepa, ndipo zimenezi muzione pa tsamba la boma la dzikolo, osati kumva za m'maluwa. Pali mayiko enanso amene amafuna chiphaso cha katemera wa yellow fever. Chiphasocho chimayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 mutabayitsa, ndiye ngati kukufunika, ndi lero, osati mawa. Ubwino wake, kuyambira 2016 chimagwira ntchito moyo wonse, choncho ngati munabayitsapo kale, sakani kakhadi kachikasu kaja.

Tibwerere ku mitengo. Nambala yaikulu imene amaionetsa koyamba ija ndi nyambo. Muidine, mupitirire nayo mpaka pa tsamba lomaliza lolipirira, osalipira, ndiye muone mtengo weniweni. Makampani a ndege zotchipa amalipiritsa sutikesi payokha, kusankha mpando pakokha, ndipo ena ngakhale chikwama chachikulupo cha m'manja. Kwa banja la anthu anayi, zimenezi zikaphatikizana, tikiti yotchipa ija imatha kuposa ya kampani imene imaphatikiza katundu kale. Muonetsetsenso bwalo limene mukatere. Pali bwalo lotchedwa Paris Beauvais limene lili makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Paris, ndipo Frankfurt-Hahn ili makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Frankfurt. Dzina likuti mwafika, koma mukadali ndi ulendo wa basi wopitirira ola limodzi, matikiti anayi, ana atatopa. Mukatera pakati pa usiku mabasi atasiya, ndiye kuti ndi takisi, ndipo zonse munapulumutsa zija zathera pamenepo. Kuhotelo nakonso kuli misonkho ya mzinda ndi ndalama zina zimene amakuuzani mutafika kale pa kauntala. Zimalembedwa, koma m'tizilembo ting'onoting'ono pansi.

Ndikuuzeni zimene zinandigwera ine. Ndinapeza ulendo wotchipa kwambiri wa ndege ziwiri zolumikiza, pakati pake ola limodzi ndi theka. Sindinalabadire kuti anali matikiti awiri osiyana, a makampani awiri osadziwana. Ndege yoyamba inachedwa kunyamuka. Titatera ndinayenera kudikira sutikesi pa lamba uja, kutuluka nayo, n'kukaipereka kachiwiri mbali ina ya bwalo. Ndinafika pa kauntala thukuta lili kamukamu, mtsikana wapamenepo akuzimitsa kompyuta. Anandiyang'ana mwachisoni ndithu, n'kunena kuti kwa iwo ine ndine munthu amene sanabwere basi, za ndege inayo sizikuwakhudza. Usiku umenewo ndinagona pa benchi yachitsulo, sutikesi ndaimangirira kumwendo ndi lamba wa chikwama, makina otsukira pansi akungolira kufikira kucha. M'mawa ndinagula tikiti ina pa mtengo wa tsiku lomwelo. Zikanakhala kuti ndege zonse ziwiri zili pa tikiti imodzi, kampaniyo ikanandikweza ndege yotsatira popanda kulipiranso. Ndinali ndekha, ndinapirira. Inu ndi ana awiri musayerekeze. Mukaona mawu akuti self-transfer, kutanthauza matikiti osiyana ngati amenewa, dumphani.

Pa za hotelo, ine ndimasaka pa Booking.com kapena Agoda kuti ndione zimene zilipo, kenako ndimaimbira hoteloyo kapena kuilembera. Masamba amenewa amadula gawo lawo pa chipinda chilichonse, kawirikawiri cha m'ma 15 peresenti, ndiye hotelo imene ili ndi zipinda zopanda anthu nthawi zina imakutsitsirani mukalankhula nayo nokha, kapena imakuonjezerani chakudya cham'mawa, kapena bedi la mwana laulere. Kufunsa sikulipiritsa. Ndemanga za alendo muziwerenga za miyezi iwiri kapena itatu yapitayi, ndipo muyambe ndi zodandaula. Munthu mmodzi akadandaula za phokoso, mwina ndi wovuta yekha. Asanu akanena kuti pafupi akumanga nyumba ndipo dziwe losambira n'lotseka, mwadziwa chifukwa chake mtengo wagwa. Ndipo poti muli ndi ana, nyumba yokhala ndi kophikira imatha kukupulumutsani kwambiri kuposa chipinda chotchipa chimene chikukakamizani kudya kulesitilanti katatu pa tsiku.

Funso lakuti chatchipa chifukwa chiyani muzilifunsanso pa nyengo. Ku Caribbean nyengo ya mphepo zamkuntho imayamba pa 1 June mpaka pa 30 November. Ku Dubai mu July ndi August kutentha kumapitirira madigiri 40, masana simungayende panja ndi mwana. Mitengo imagwa nthawi zimenezi pa chifukwa chomveka. Sindikuti musapite, ena amapita n'kusangalala, koma mupite mukudziwa.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi akathyali, chifukwa munthu wothamanga ndiye nyama yawo. Muona pa Facebook kapena pa WhatsApp zithunzi zokongola za nyanja, mtengo wosamveka, n'kumati kwatsala malo awiri okha, tumizani ndalama pasanathe ola. Akakuuzani kuti mutumize ku akaunti ya munthu osati ya kampani, thawani. Ngakhale mutagula kwa ejenti wooneka bwino, musakhutire ndi pepala lokongola limene wakutumizirani. Pamakhala kanambala ka zilembo ndi manambala 6, mukalembe pamodzi ndi dzina lanu lomaliza (surname) pa tsamba la kampani ya ndegeyo, muone ngati ulendo wanu ukutuluka. Mufunsenso nambala ya tikiti yeniyeni, imakhala ya manambala 13. Kusungitsa malo ndi kugula tikiti ndi zinthu ziwiri. Munthu akhoza kukusungirani mpando osalipira, n'kukutumizirani pepala, mpandowo n'kufufutika wokha patapita masiku ochepa, inu n'kukazindikira muli pabwalo ndi masutikesi. Lipirani ndi khadi la kubanki pamene zingatheke, chifukwa limasiya umboni ndipo banki imatha kukuthandizani kutsata ndalama zinthu zikasokonekera. Ndipo musaganize kuti dzina lalikulu ndiye chitetezo chokwanira. Thomas Cook inali kampani ya zamaulendo ya zaka 178, koma inagwa mu September 2019 anthu pafupifupi 600,000 ali kunja pa tchuthi. Inshuwalansi ya paulendo muigule tsiku lomwelo mwagula tikiti, makamaka yokhudza chipatala, ndipo muwerenge zimene ikukana kulipira.

Chomaliza pa kalipiridwe: zotsatsa za mochedwa zambiri n'zosabweza ndalama. Musanadine, werengani mayina onse anayi chilembo ndi chilembo mukuyerekeza ndi pasipoti, muonenso deti ndi mwezi, chifukwa kukonza chilembo chimodzi kumatha kudula. Makina akakufunsani ngati mukufuna kulipira mu ndalama ya kwanu kapena ya kumene mukugulako, sankhani ya kumeneko, banki yanu isinthe yokha, kawirikawiri zimatchipako.

Ndikanakhala inu, usiku uno ndikanayang'ana mapasipoti, mawa n'kusankha malo atatu olowa mosavuta, n'kuyerekeza mtengo wa ulendo wophatikiza zonse ndi wogula ndege payokha hotelo payokha. Ndege ndikanagula pasanathe masiku awiri. Hotelo ndikanasungitsa yololeza kusintha maganizo kwaulere, n'kumasuzumirabe ngati ina yabwinopo yagwa mtengo. Mukapeza chokwanira thumba lanu, tengani, musati mwina mawa kubwera chokomerapo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Tandiuzeni kaye, mapasipoti a anawo akutha liti? A ana m'mayiko ambiri amakhala a zaka 5 zokha, ndipo ndi amene makolo timawaiwala. Mulembe pansipa pamodzi ndi masiku enieni a tchuthi chanu, tisake limodzi.