Funsani Tikuyankheni: Maliro a M'komboni, Banja la Zaka 45 ndi Mjigo Wowonongeka

FUNSO: Ndimakhala ku Mchini, m'Chipata muno. Mwezi watha mayi wina wa nyumba yachitatu kuchokera pathu anataya mwana. Pamaliropo tinagona anthu osakwana khumi, nkhuni panalibe, ufa anachita kukongola pa kantemba. Kwathu kumudzi mfumu ikangolengeza, palibe wogwira khasu. Kodi khalidwe limeneli tingalibwezeretse bwanji m'tauni? — Mayi wa ku Mchini

YANKHO: Mayi, zikomo chifukwa munali mmodzi mwa amene anagona pamaliropo. Kumudzi zimayenda chifukwa aliyense amadziwa ntchito yake maliro asanagwe: adzukulu kumanda, amayi kumadzi ndi kumoto, mfumu kulengeza. Anthu a m'komboni sikuti ndi ouma mtima. Ambiri ndi a lendi, wina wa ku Lundazi, wina wa ku Chadiza, ndipo palibe anawauzapo kuti ntchito yawo ndi iti.

Yambani ndi nyumba 15 kapena 20 za mumzere wanu, osapitirira apo, chifukwa gulu likakula anthu sadziwananso nkhope. Kumanani Lamlungu masana anthu ataweruka kutchalitchi, musankhe atatu: wosunga buku, wosunga ndalama ndi wolengeza. Wa buku ndi wa ndalama asakhale a nyumba imodzi. Mukagwirizana K20 pa nyumba mwezi uliwonse, nyumba 20 zisonkha K400, ndipo pa miyezi isanu ndi umodzi muli ndi K2,400. Imeneyi siyoyendetsera maliro onse. Ndi ya usiku woyamba, achibale asanafike: makala, ufa, kapenta, kabichi, shuga ndi galimoto yopita kumotchale. Pa tsikulo nyumba iliyonse ibweretsenso mbale ya ufa ndi ndowa ya madzi.

Magulu otere amapasuka pa zinthu ziwiri. Choyamba n'kusalemba kuti thumbali limathandiza ndani. Lembani m'buku kuti ndi anthu ogona m'nyumbamo basi, apo ayi tsiku lina wina adzabwera ndi uthenga wa amalume omwalira ku Petauke, mudzamukana, chidani n'kuyamba. Chachiwiri n'kubwereketsa. Ndalama ya maliro si chilimba, isatuluke ngakhale wopemphayo atalumbira kuti abweza Lachisanu. Pamsonkhano uliwonse muziiwerenga anthu onse akuona.

Imfa ikachitikira panyumba, abale amayenera kukanena kupolisi thupi lisanalandiridwe kumotchale, kenako kukatenga chikalata cha ku khonsolo chololeza kuika maliro. Woferedwa sangayende yekha m'maofesi mutu uli wozunguzika. Mneba mmodzi wodekha amuperekeze, atanyamula NRC ya malemu ngati anali wamkulu, ndi ya wokanenayo. Otsala atulutse mipando pabalaza, ayale mphasa, akoleze moto wa abambo panja, aike ndowa ndi sopo pakhomo ndi pafupi ndi chimbudzi. M'dzinja madzi akumwa athiridwe klorini monga zalembedwa pabotolo, adikire mphindi 30, chifukwa kolera amakonda pamene anthu ambiri akudyera pamodzi.

Ndipo nyumba yosasonkha ikaferedwa, pitani ndithu. Thumba lisatsegulidwe, koma manja anu ndi mbale ya ufa zifike. Maliro n'kulirana.

FUNSO: Ine ndi amayi akunyumba takwanitsa zaka 45 tili m'banja. Tinakwatirana mwa mwambo, ankhoswe alipo, pepala palibe. Tili ndi nyumba pa boma la Katete ndi munda kumudzi. Ana akufuna phwando la tenti ndi keke. Ine mtima wanga ukufuna kuwathokoza mayiwa m'njira yoti idzakhalepo. Ndichite chiyani? — Bambo wa ku Katete

YANKHO: Bambo, zaka 45 si masewera, ndipo anawo musawakanize phwando. Koma musalole kuti wa pa maikolofoni akulankhulireni. Imirirani nokha, pamaso pa ana, adzukulu ndi ankhoswe ngati akali moyo, mutchule zinthu zenizeni: chaka cha njala chimene mayiwa anaphika madeya ana n'kugona atadya, mausiku amene anakhala pa benchi kuchipatala, mtedza umene anagulitsa kuti mwana alipire sukulu. Mawu akuti "mkazi wabwino" aliyense amanena. Chimene mayi sadzaiwala ndi kumva kuti munkaona. Chitenje chatsopano muwapatse ndi manja awiri, ndipo ankhoswe a mbali zonse muwathokoze ndi nkhuku, chifukwa milandu imene anakuweruzirani usiku anawa sakuidziwa.

Tsopano za chimene chidzakhalepo. Amasiye ambiri amene timawaona akulira m'makhoti anali ndi amuna owakonda, koma amunawo sanalembe kanthu.

Munthu akamwalira wopanda wilo, chikalata chonena m'mene chuma chake chidzagawidwire, lamulo la 1989 lotchedwa Intestate Succession Act limagawa chuma chonchi: pa K100 iliyonse, K50 ya ana, K20 ya mkazi kapena mwamuna wotsala, K20 ya makolo a malemu, K10 ya ena amene ankadalira malemuyo. Nyumba imakhala ya wotsalayo ndi ana, ndipo wamasiye ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse, pokhapokha akakwatiwanso. Katundu wa m'nyumba, monga mipando ndi ziwiya, ndi wa iye ndi ana. Lamuloli ndi labwino, koma taonani: mayi amene anaumba nanu njerwa za nyumbayo apata K20 yokha pa K100 iliyonse ya chuma china chija, ndipo ngati pali mkazi wina, K20 yomweyo amagawana.

Ndiye lembani wilo. Ikhale yolembedwa, yonena bwinobwino kuti nyumba iti, pulotu nambala yanji, ipite kwa yani. Musayine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi nthawi imodzi, nazonso zisayine inu mukuona. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amatenga mkazi kapena mwana kukhala mboni. Wolandira kanthu mu wilo asakhale mboni, chifukwa gawo lake likhoza kutayika. Tengani abusa, mphunzitsi kapena mneba wokhulupirika. Tchulaninso munthu woti adzayendetse kagawidwe. Wiloyo musaibise pansi pa matiresi pomwe wofika msanga angaing'ambe; isungitseni kwa loya kapena kutchalitchi, mayi ndi mwana mmodzi adziwe kumene ili.

Pitani awiri ku Local Court ndi ma NRC anu ndi mboni za mbali zonse, mukapemphe setifiketi ya ukwati wa mwambo. Ukwati wanu ndi wovomerezeka kale, koma pepalalo limatseka pakamwa wachibale amene angadzanene kuti "sitikumudziwa." Onaninso mapepala a nyumba, mufunse ku khonsolo njira yoonjezera dzina la mayi. Ngati munagwirapo ntchito ya malipiro, kaoneni ku NAPSA, bungwe la penshoni, ngati dzina lawo ndi la ana zinalembedwa molondola, mogwirizana ndi za pa NRC.

Munda wa kumudzi ndi nkhani ina. Malo a mafumu sagawidwa ndi lamulo lija, amatsata mwambo. Kwa ife Achewa, ngati mayiwa munawatengera kwanu pa chitengwa, abale anu a kuchikazi angadzanene kuti mundawo ndi wa mbumba, mayi abwerere kwawo. Pitani kwa amfumu muli moyo, ndi mayi, ana, alongo anu ndi ana awo. Nenani pakamwa panu kuti mayiwa adzalima mundawo mpaka imfa yawo, amfumu alembe m'kaundula wa mudzi. Nkhaniyi ndi yolemera kuiyamba, ena adzati mukudziitanira imfa. Iyambeni inu, chifukwa mayi akaiyamba okha adzawanena kuti akuwerengera chuma. Wolanda katundu wa amasiye amapalamula mlandu, ndipo anawo adziwe kuti okauza ndi a Victim Support Unit kupolisi.

FUNSO: Mjigo wa m'mudzi mwathu unasiya kutulutsa madzi miyezi inayi yapitayo. Aliyense akuti tidikire aMP. Amayi abwerera kudambo. Kodi ndi udindo wa yani? — Mnyamata wa ku Chadiza

YANKHO: Achimwene, kukonza mjigo ndi udindo wa amene amamwapo, kudzera m'komiti ya madzi ya m'mudzi. Yambani mwauona. Chogwirira chikapepuka n'kumangogwa chopanda madzi, tcheni chaduka kapena ndodo ya m'kati yamasuka. Madzi akamatuluka pang'ono ngakhale mupope mwamphamvu, marabala a pansi atha. Mukamapopa nthawi yaitali m'mawa madzi asanabwere, valavu ya pansi kapena paipi ikudontha. Madzi ofiirira onunkha chitsulo ndi dzimbiri la mapaipi. Zitatu zoyambazo mmisiri wa mijigo wa m'dera lanu amakonza tsiku limodzi, ndipo a ku khonsolo angakuuzeni dzina lake ndi kumene kumagulitsidwa zipangizo. Musasolole mapaipi nokha. Limodzi likapulumuka n'kugwera pansi, ntchito ya tsiku limodzi isanduka ya miyezi.

Ngati mmisiri wapeza kuti chitsime chauma kapena mapaipi onse ndi ofunika atsopano, apo ndiye CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'konstichuwense. Thumba limeneli linakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse, ndipo pempho la mudzi limadzera ku Ward Development Committee (WDC), komiti ya chitukuko ya m'wodi yanu, osati m'thumba la aMP. Amfumu aitanitse msonkhano, mulembe zomwe mwagwirizana, obwera asayine, mutchule nyumba zingati zimatunga pamenepo ndi mtunda wa kudambo, muphatikize lipoti la mmisiri. Perekani kwa woimira zoni yanu mu WDC, kope lina kwa akhansala, lachitatu musunge litadindidwa tsiku. Pakadutsa mwezi kafunseni, mutatenga kopelo.

Podikira, madzi a kudambo aziwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini. Mjigo ukadzuka, nyumba iliyonse izisonkha kangachepe pamwezi kapena chitini cha chimanga pokolola, ndipo munthu mmodzi azipaka girizi pa tcheni ndi kumanga mabawuti mwezi ndi mwezi.