Kwa achemwali ofuna ntchito yolimbana ndi namasupuni

Achemwali, mwanena kuti mwakhoza MSCE, munakulira m'mbali mwa Shire, ndipo mukufuna kudziwa sukulu yoti mupite kuti mudzagwire ntchito yoteteza nyanja ndi mitsinje ku zomera ndi nsomba zobwera. Ine ndapalasako bwato pa ntchito yotereyi zaka zingapo, ndiye ndikuuzani zomwe ndikanakonda wina atandiuza ndisanayambe.

Musadikire kuti tsiku lina mudzaona m'nyuzi ntchito yolembedwa kuti akufuna wolimbana ndi zamoyo zobwera. Kuno kwathu ntchitoyi imabisala mkati mwa ntchito zina: ulangizi wa za nsomba, kafukufuku, za mapaki, ngakhale za magetsi. Khomo lalikulu ndi la za nsomba. Ngati mapointi anu akulola, ku Bunda, komwe ndi LUANAR, kuli digiri ya ulimi ndi sayansi ya nsomba, ndipo ku Mzuni nakonso amaphunzitsa za nsomba. Akavuta mayunivesite musapeputse Malawi College of Fisheries ya ku Mpwepwe ku Mangochi. Ena amaiona ngati njira ya olephera, koma ine ndimaona kuti otuluka kumeneko amadziwa injini ya boti, amadziwa kuyankhula ndi asodzi, ndipo pa madzi zimenezo n'zimene zimakupulumutsa. Digiri mutha kudzaiwonjezera pambuyo.

Tsono ntchito yeniyeniyo. Ambiri amaganiza kuti ndi yozula udzu. Kuzula kulipo, koma kwambiri ndi kubwerera pamalo amodzimodzi mwezi ndi mwezi, kuwerenga, kuyeza, n'kulemba m'kope.

Nditengepo namasupuni, poti ndi amene mukumudziwa. Kwawo ndi ku South America, ndipo anthu anamufalitsa padziko chifukwa cha maluwa ake okongola aja. Madzi akakhala ofunda komanso a chonde, amatha kuchuluka kawiri m'masabata awiri okha, ndipo njere zake zimakhala m'matope zaka 20 zikadali zamoyo. Ndiye mukamva wina akulonjeza kuti amutheratu chaka chino, mungomwetulira. M'zaka za m'ma 1990 a Dipatimenti ya Nsomba anabweretsa mu Shire mitundu iwiri ya tizilombo totchedwa Neochetina, tofanana ndi nankafumbwe wa m'chimanga koma todya namasupuni yekha. Tatikulutikulu timadya masamba usiku n'kusiya timabala ting'onoting'ono, masana timabisala patsinde. Mphutsi zake zimaboola phesi mkati, madzi amalowa, chomeracho chimafooka n'kumira. Zimenezi sizichitika mwezi umodzi, zimatenga zaka. Ndiye pamafunika munthu wokhala m'bwato dzuwa lili paliwombo, atenge zomera khumi pamalo ano, awerenge timabala pa tsamba, ang'ambe phesi afufuze mphutsi, ayeze kutalika, alembe tsiku ndi malo, kenako apite pamalo ena akachitenso chimodzimodzi. Mwezi wamawa abwerenso. Ngati mwawerenga apa n'kumva kuti n'zotopetsa, ganizani bwino musanalipire fizi. Ine zinkandisangalatsa, makamaka tsiku limene manambala a miyezi khumi anayamba kundiuza nkhani imene maso anga sankaiona.

Ndipo nkhaniyo nthawi zambiri imathera kumtunda. Pomwe feteleza wa m'madimba ndi zonyansa za m'tauni zikutsikira mumtsinje, namasupuni amakula mofulumira kuposa momwe tizilomboto tingamudyere. Mudzapezeka mukukambirana za kulima m'mbali mwa mtsinje ndi mafumu pamene munkaganiza kuti munaphunzira za m'madzi.

Phunziraninso kusiyanitsa mlendo ndi mwini mudzi. Mukaima pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde nyengo ya mvula mudzaona zilumba za zomera zikuyandama kulowera kumunsi, ndipo a EGENCO amazitchinga ndi kuzivuula kuti zisakatseke makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Anthu amangoti zonsezo ndi namasupuni, chonsecho zambiri ndi maudzu ndi bango za konkuno zomwe madzi azizula. Wolemba lipoti akasokoneza apa, ndalama zimapita kolakwika. Pitani ku National Herbarium ku Zomba mukaone momwe amaumitsira zomera ndi kuzilemba maina, simudzanong'oneza bondo.

Koma chimene chimandisowetsa tulo si namasupuni ayi, ndi nsomba. Udzu umauona ndi maso. Nsomba yachilendo ikalowa m'nyanja ya Malawi palibe ukonde womwe ungaitulutse. Ku nyanja ya Victoria anathiramo nsomba yolusa ya Nile perch m'zaka za m'ma 1950, ndipo pofika m'ma 1980 mitundu pafupifupi 200 ya tinsomba ta komweko inali itasowa. Tinsombato ndi achibale a mbuna ndi utaka wathu, ndipo mbuna n'zimene zinachititsa kuti paki ya ku Cape Maclear ilembedwe ndi bungwe la UNESCO pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 1984. Ife choopsa chathu ndi Nile tilapia, yomwe alimi amaikhumba poti imakula msanga m'damu. Vuto lake imakwerana ndi achibale a chambo ndi makumba, mtundu weniweniwo n'kusokonezeka. N'chifukwa chake lamulo la za nsomba la 1997 sililola munthu kungobweretsa nsomba yachilendo popanda chilolezo. Komatu nyanjayi tili nayo atatu ndi Tanzania ndi Mozambique, ndipo damu limodzi likaphulika ndi madzi osefukira, nsombazo sizifunsa pasipoti. Anzathu a ku Zambia ali kale pa mavuto ndi nkhanu ya ku Australia ya zibano zofiira yomwe yadzaza mu Kafue ndi mu Kariba. Imadya nsomba zokodwa m'maukonde usiku, msodzi m'mawa n'kuvuula minga yokhayokha.

Apa m'pamene asodzi amakhala aphunzitsi anu. Inu mumafika padoko kamodzi pamwezi, iwo amakhala pamadzi tsiku lililonse. Nsomba yachilendo woyamba kuigwira ndi msodzi, ndipo akuuzani pokhapokha ngati sakukuonani ngati wolanda maukonde. Dziwanani ndi a komiti ya padoko, a BVC aja, asiyireni nambala yanu, auzeni kuti akaona chachilendo ajambule atumize pa WhatsApp. Akatumiza muziyankha, ngakhale itakhala nsomba wamba. Mukangonyalanyaza kawiri, basi sadzatumizanso.

Musadikire koleji kuti muyambe. Foni muli nayo. Ikanimo iNaturalist muzijambula zomera za m'madzi za kwanuko, imasunga malo ndi tsiku yokha. Mukapeza kompyuta phunzirani Excel bwinobwino, kenako QGIS yojambulira mapu, yomwe ndi yaulere. Zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2 nazonso n'zaulere, ndipo mukazizolowera mutha kuona momwe zomera zakutira Malombe kapena Elephant Marsh muli pakhomo panu. Sankhani malo atatu pamtsinje, muziwajambula mutaima pamwala womwewo mwezi uliwonse. Ikadzafika nthawi ya atachimenti ku malo a kafukufuku wa nsomba a ku Monkey Bay kapena ku Domasi, kope limenelo lidzakuyankhulirani kuposa kalata ya maluwa.

Za thupi lanu: phunzirani kusambira, ndipo jekete yoyandamitsa muzivala ngakhale anyamata a m'boti akuseke. Pansi pa namasupuni pamabisala ng'ona, ndipo mvuu ya mwana siifuna alendo. Likodzo mudzakumana nalo ndithu, poti nkhono zake zimakonda mizu ya zomera zomwe muzigwirazo. Muziyezetsa, mankhwala ake a praziquantel alipo m'zipatala. Ndalama si zambiri. Ntchito zochuluka zimabwera ndi mapulojekiti a zaka ziwiri kapena zitatu, ikatha mumayambanso kusaka, n'chifukwa chake ndikuti mukhale ndi pepala la za nsomba lomwe lingakudyetseni pakati pa mapulojekiti. Mukadzafuna digiri ya masitazi, yang'anani ku Rhodes University ku South Africa, kuli akatswiri a tizilombo todya zomera zobwerazi.

Chomaliza ndi manyazi anga. Chaka changa choyamba tinachoka pamalo odzaza ndi kachomera kakang'ono koyandama ka Salvinia, komwe kanavutitsa Kariba m'ma 1960, n'kupita kukayeza damu lina loyera bwino. Maukonde ndi majombo sitinatsuke, tinali pa changu chothawa mvula. Patapita miyezi itatu ndinapeza kachomerako pakona ya damu lija, pamalo penipeni pomwe tinatsitsira bwato. Tinakavuula ndi manja masiku anayi, eni damu akutiyang'ana osanena kanthu. Kuyambira pamenepo m'chikwama changa simusowa bulashi, ndipo zida zonse zimayamba zauma padzuwa zisanalowe m'madzi ena. Mugule yanu, ya mano olimba yochapira majombo ija.