Za flywheel ya Altezza yanu ija, achimwene

Achimwene, funso lanu ndaliona. Muli ndi Toyota Altezza RS200 ya magiya 6, klatchi yayamba kuterereka, ndiye poti giyabokosi itsika kale mukufuna muikiretu flywheel yopepuka (chigudumu cha kumbuyo kwa injini chomwe klatchi imagwira), koma mwaima pakati: ya aluminiyamu yopepukitsitsa ija kapena yachitsulo. Mwanenanso kuti galimotoyo ndi yomwe mumayendera tsiku lililonse kuchoka ku Area 49 kupita ku Old Town. Ine ndikuti gulani yachitsulo cholimba chotchedwa chromoly, yolemera makilogalamu 6 kapena 7, ndipo muigule pamodzi ndi klatchi yake. Yopepukitsitsayo asiyireni amene galimoto yawo imangotuluka Loweruka.

Munthu asakunamizeni kuti flywheel imaonjezera mphamvu. Injini yanu ya 3S-GE BEAMS inatuluka kufakitale ndi mahatchi 210 (PS) ikamazungulira ka 7,600 pa mphindi (rpm), ndipo mukamanga flywheel yatsopano mahatchi ake akhalabe omwewo. Chimene chimasintha ndi chakuti mphamvu imene inkathera pozunguza chitsulo cholemera chija tsopano ikupita kumatayala. Mumazimva kwambiri mu giya 1 ndi giya 2, momwe ma rev amakwera mofulumira. Mukafika giya 5 kapena 6, mwatambasula pa msewu wa ku Dedza, kusiyana kwake n'kochepa kwambiri. Phindu lina ndi posintha magiya: ma rev amagwa msanga ndi kukwera msanga, ndiye mukagunda moto pang'ono potsitsa giya injini imayankha nthawi yomweyo. Kukoma kwake kuli pamenepo, ndipo pa injini ngati iyi yomwe imadzuka ikadutsa 5,000 rpm, kumakomadi.

Koma kulemera kuja sanakuike pachabe. Munaonapo injini ya dizilo ya pachigayo, chigudumu chachikulu chili pambali chija? Chimasunga liwiro kuti chimanga chikathiridwa chambiri injini isatsamwe. Flywheel ya m'galimoto imachitanso zomwezo pamene mukunyamuka. Mukaipepuza kwambiri, liwiro losungidwa lija limachepa, ndiye mukangoti mwasiya klatchi mofulumira pang'ono, galimoto yazima. Tsono 3S-GE si injini yokoka ma rev ali pansi, torque yake yonse, ndiye kuti mphamvu yokokera, imabwera pa 6,400 rpm. Onjezanipo kuti Lilongwe ali pamwamba, mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake pa mtunda wotere chifukwa mpweya ndi wopepuka. Ndiye taganizirani 5 koloko madzulo, mwatsekeka pa mlatho wa Lilongwe, kutsogolo minibasi yaima pakati pa msewu kukweza anthu, kumbuyo wa kabaza wakumamatirani bampala, AC ili pamoto, inu muli ndi flywheel ya makilogalamu 4. Mudzanyamuka ndi moto wambiri nthawi zonse kuti isazime, klatchi n'kumapsa, mwendo n'kumatopa. Mahampu a m'malokeshoni sindikuwatchula n'komwe.

Za aluminiyamu, monga za kampani ya Fidanza, zimabwera ndi mbale yachitsulo yomangidwa ndi timabawuti pamalo pogwira klatchi, ndipo mano a sitata amakhala achitsulo chapadera chomangirira. Mbaleyo ikatha imasinthidwa, zomwe ndi zabwino kwa munthu amene angaiitanitse n'kuilandira mawa lake. Kuno, ndi vuto la ndalama zakunja lomwe tonse tikulidziwali, kadzakhala kachitsulo kamodzi kogoneka galimoto mwezi wathunthu. Ya chromoly nthawi zambiri imasemedwa kuchokera ku chitsulo chimodzi, mano ndi thupi pamodzi, palibe chomasuka. Toda Racing, Exedy, Cusco ndi ORC ndi mayina a ku Japan omwe amadziwika pa zinthu zimenezi. Ikakhala yochokera ku America, onani ngati ili ndi chizindikiro cha SFI 1.1, chomwe chimasonyeza kuti mtundu umenewo unayesedwa pozunguzidwa pa liwiro lalikulu. Ndipo musangoyang'ana makilogalamu okha: kulemera kwa m'mphepete ndiko kumagwira ntchito kuposa kwa pakati, choncho ziwiri zofanana pa sikelo zikhoza kumveka mosiyana pa msewu.

Pali nkhani ina imene ogulitsa sakonda kunena. Flywheel yomwe ili m'galimoto yanu panopa ndi ya dual mass, zitsulo ziwiri zolumikizidwa ndi masipuling'i mkati, omwe amameza kugwedezeka kwa injini kusanafike ku giyabokosi. Yatsopanoyo ndi chitsulo chimodzi. Chifukwa chake klatchi puleti yanu iyenera kukhala ya masipuling'i pakati pake, osati yomwe inapangidwira dual mass ija. Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama: agula flywheel kwina, klatchi kwina, pomanga n'kupeza kutalika sikukugwirizana, klatchi sikulekanitsa bwino, magiya akukana kulowa. Gulani zonse ngati seti imodzi. Ngakhale mutachita bwino chonchi, yembekezerani kaphokoso ka giyabokosi galimoto ili chiimire mu nyutirolo, kakuti kwatakwata, kamene kamatha mukaponda klatchi. Si kuonongeka ayi, koma anthu adzakufunsani pa filing'i siteshoni ngati injini yagogoda. Ngati madamu kunyumba amayendetsanso galimotoyo, auzirenitu.

Musanaitanitse, onetsetsani kuti yakaleyo yathadi, chifukwa mwina mungasankhe kungosintha klatchi n'kusunga ndalamazo. Giyabokosi ikatsika, gwirani mbale yakunja ya flywheel yakaleyo ndi manja awiri muigwedeze. Ikamasewera kwambiri, ikamalira ngati muli timiyala, kapena mukaona girizi wakuda atamwazika mkati mwa bell housing (chigoba chophimba flywheel ndi klatchi), yapita imeneyo. Yang'ananinso pamene klatchi imagwira: mawanga abuluu ndi timing'alu tonga tsitsi ndi chizindikiro choti inapsa.

Chimene ndikukukanizani kwamtuwagalu ndi chija ena amanena, choti mungotenga flywheel iliyonse yokwanira mukaipalitse pa lathe, makina opala zitsulo, kuti ipepuke. Zitsulo za cast iron zikadyedwa kumbuyo zimafooka, ndipo nthawi zambiri zimabwerako zisanabalansidwe. Ndinaonapo pa galaja ina ya ku Biwi bell housing itabooka dzenje lolowa chibakera, flywheel yopalidwa itasweka injini ili pa ma rev okwera. Pa Altezza giyabokosi imadutsa pafupi ndi miyendo yanu. Musayerekeze.

Poitanitsa, musanene kuti "ya Altezza" basi. Pali AS200 ya injini ya 1G-FE ya masilinda 6 ndi RS200 yanuyi ya masilinda 4, ndipo zida zake sizilowana. Perekani nambala ya chasisi yoyamba ndi SXE10 komanso chaka, popeza galimotozi zinapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005. Kaya ibwera kuchokera ku Japan kapena wina akutengerani ku Johannesburg, werengeranitu mtengo wonyamulira ndi msonkho wa MRA musanasangalale ndi mtengo wa pa intaneti. Zopanda dzina zotchipa mokayikitsa zija zisiyeni.

Tsiku lomanga mukhalepo. Mabawuti a flywheel akhale atsopano, a Toyota kapena a kampani ya ARP, ndipo muone ngati kutalika kwake kukugwirizana ndi flywheel yatsopanoyo, chifukwa a dual mass amatha kusiyana. Amangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti, motsatira buku, modumphadumpha, osati ndi sipanala yoonjezera paipi. Makaniko akakuuzani kuti dzanja lake limadziwa, pitani kwina. Sinthiranitu release bearing, pilot bearing ndi oil seal ya kumbuyo kwa crankshaft, ndi zinthu zotchipa koma kuzifikira kumafuna kutsitsanso giyabokosi. Mafuta oteteza dzimbiri omwe amapaka pa flywheel yatsopano apukutidwe ndi brake cleaner klatchi isanakhudze. Mukatuluka pa galaja, makilomita 800 oyambirira muyende modekha m'tauni momwemu kuti klatchi ikhazikike, za kuikoka mpaka 7,000 rpm zibwere pambuyo pake.