Mwana wafunsa za mutu wa Livingstone, ndimuyankhe bwanji?

Amayi ena andilembera imelo sabata yatha. Mwana wawo wa fomu 2 wafunsa kuti ngati John Chilembwe anali m'busa, zinatheka bwanji kulalikira mutu wa mzungu William Jervis Livingstone (osati David Livingstone) uli pambali, ndipo ngwazi yake ndi yotani imeneyo. Akuti asowa choyankha.

Amayi, funso lanu landikhudza penapake. Agogo anga aamuna, Mlomwe wa ku Chiradzulu, sankavula chipewa ngakhale pa nsima. Chinali chipewa chakhaki, chothimbirira m'mphepete ndi thukuta, ndipo ife tizidzukulu tinkachiseka. Tsiku lina ndinachibisa m'nkhokwe. Sanandikalipire. Anangondikhazika pansi n'kundiuza kuti bambo awo anakwapulidwa pa esiteti chifukwa chodutsana ndi mzungu chipewa chili kumutu. Bambo awowo anali atathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, n'kudzagwera m'thangata: kulima m'munda wa mzungu ngati lendi ya malo amene wamangapo kanyumba, kapitawo n'kumafafaniza masiku pa tikiti kuti mwezi usathe. Msonkho wa nyumba ukudikiranso.

Ndiye chimandinyansa n'chakuti nkhani ya kuukira kwa Chilembwe timaiyambira pa 23 January 1915, ngati kuti anthu anangodzuka n'kupenga. Pamene William Jervis Livingstone ankaphedwa ku Magomero usiku umenewo, n'kuti atatha zaka akuyendetsa esiteti ya A. L. Bruce ndi chikoti, ndipo matchalitchi a udzu amene anthu a Chilembwe ankamanga m'malo a esitetiyo ankatenthedwa. Chilembwe anayamba ndi sukulu, osati mkondo. Anatsegula mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe mu 1900. Nkhondo ya azungu itafika ku Karonga mu 1914, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chake anthu osauka azifera nkhondo yosawakhudza. Boma linailetsa. Munthu wayesa kulankhula, mwamutseka pakamwa, ndiye mukudabwa chiyani?

Ndipo si iye yekha. Ku Virginia, kumene anakaphunzira ku Lynchburg atapita ndi mmishonale Joseph Booth mu 1897, kunali Nat Turner, kapolo amene analinso mlaliki, yemwe anatsogolera kuukira mu 1831 n'kunyongedwa. Ku Haiti akapolo anaukira mu 1791 mpaka kulanda dziko mu 1804, koma mu 1825 France inawalamula kulipira ma franc 150 miliyoni ati chipukuta misozi kwa eni akapolo. Tamvani zimenezo! Wobedwa kulipira wakuba. Ndikafika pamenepa mtima umandiwira, ndipo sindinyengerera: amene amawerenga azungu atatu amene anaphedwa mu 1915 koma osawerenga anthu akuda ambirimbiri amene ananyongedwa kapena kuomberedwa pambuyo pake, masamu ake ndi okondera. Tchalitchi cha njerwa cha ku Mbombwe boma linachiphulitsa. Chilembwe mwini anamuombera pa 3 February cha ku Mulanje.

Paja chifanizo chimene katswiri wa zaluso wa ku Malawi Samson Kambalu anaika ku Trafalgar Square ku London mu 2022 chinkaonetsa Chilembwe atavala chipewa. Nditaona chithunzi chake pa Facebook ndinakumbukira nkhokwe ija.

Tsono mumuuze chiyani mwanayo

Musamunamize. Mutu unadulidwadi, ngakhale amene anaudula anali anyamata ake, osati Chilembwe ndi manja ake, ndipo Lamulungu lotsatira analalikiradi uli pamtengo pafupi naye. N'zoopsa, muvomereze. Mumuuzenso kuti akazi ndi ana a azungu amene anagwidwa usiku uja sanaphedwe. Kenako mutulutse K2000, mumuonetse nkhope ya Chilembwe, mumufotokozere thangata, ndipo pa 15 January ngati thiransipoti ilipo mupite naye ku PIM akaone yekha pamene panali tchalitchi chija.